Ziphaso 63, Nambala Imodzi

Pa sitima,
3 Okutobala

Wokondedwa Kachala,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi. Ine kuno ndili bwino, kungoti nyanja yakwiya sabata yonseyi, moti tiyi tikumwera m'makapu osadzaza. Ntchito ndi yomwe ija: anzanga akukoka maukonde n'kumayeza nsomba, ine n'kumasandutsa nsombazo manambala. Netiweki kuno imabwera ngati mlendo wosapangana naye. Makalata athu amafola m'kompyuta ya kaputeni kudikira tsiku limene idzatulukire. Ukaona ndakhala chete, usanene kuti achimwene anyada.

Fayilo unanditumizira ija yafika. Mlongo wanga, ndaiwerenga ndipo ndagwira pakamwa. Mizere 1,900! Tsopano ndamvetsa chifukwa chake dzanja likukuwawa. Pa sampulo iliyonse ya mbewu imene amalonda amabweretsa ku labotale kwanuko, iwe walemba ndime yakeyake youza kompyuta kuti: tenga dzina la mwini mbewu, tenga nambala ya njere zomwe zamera pa njere 100, ona ngati mbewuyo yakhoza, sindikiza chiphaso. Ukatero wakopera ndimeyo, wamata m'munsi, wasintha 1 kukhala 2. Wakoperanso, wamatanso, mpaka pa 63. Ndinakupatsa dzina loti Kachala uli mwana, ukulemba ndi chala chimodzi pa kompyuta yanga yoyamba ija, koma sindinkafuna kuti chalacho chidzathe ndi chibalo chotere.

Tamvera ndikufotokozere. Amayi akalandira ntchito ya mayunifolomu a kalasi yonse, sajambula patani ya mwana aliyense. Amadula patani imodzi ya pepala, n'kumangoisuntha pansalu. M'chilankhulo cha R chimene ukugwiritsa ntchitochi, patani imeneyo timaitcha lupu. Umalemba ndime imodzi yokha, pamwamba pake n'kuika mawu awa: for (i in 1:63). Uku ndi kuuza kompyuta kuti, chita zili m'munsizi, ukamaliza ubwerere uchitenso. Kalembo ka i ndi kathumba kopanda kanthu. Ulendo woyamba mukathumbamo mumalowa 1, ulendo wachiwiri 2, choncho mpaka 63. Paliponse pamene unkasintha nambala ndi dzanja, tsopano paima i, ndipo kompyuta isintha yokha.

Ndatenga ndime yako yomaliza, ya sampulo 63, n'kuisandutsa lupu. Mizere 1,900 yatsala 32. Ndaimata pansi pa kalatayi. Usachite mantha, ingoiyendetsa, ndipo chifayilo chakalecho uchitaye. Munthu amatopa n'kulakwitsa. Lupu siitopa.

Undiuze za maso a amayi, ndiponso ngati mmisiri uja anabwera kudzaona denga. Mvula isatipeze chimodzimodzi ngati chaka chatha.

Ndine,
Achimwene ako


Kunyumba,
13 Okutobala

Achimwene,

Moni ndikukupatsani chifukwa amayi anatilera bwino, osati chifukwa mtima ukufuna. Maso a amayi ali bwino. Denga silinakonzedwe. Ine andiimitsa ntchito.

Khalani pansi, ngati sitima yanuyo ikulola, ndikufotokozereni zimene lupu yanu yachita, poti kufotokoza ndi kumene mumakonda.

Lolemba ndinaiyendetsa monga munanenera. Ndinadina batani, n'kutembenuka kuti nditenge kapu, pocheuka ntchito ya masiku anayi inali itatha. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Pulinta inalavula ziphaso 63. Ndinazivundukula ndi chala, ndikuona maina: lililonse lili pamalo pake. Ndinapita nazo kwa abwana athu, aja timawatchula a Chidindo, iwo n'kusaina zonse foni ili pakhutu, akukangana ndi makaniko za galimoto lawo. Fayilo yanga yakale ndinaifufuta tsiku lomwelo, mokondwa.

Lachinayi amalonda anabwera, ndipo anabwera ngati njuchi zoputidwa. Anayala ziphaso zawo pakauntala, china pambali pa chinzake. Bambo wina wathupi, wogulitsa nyemba, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chemwali, tandiuzani. Nyemba zanga, mtedza wa uyu ndi chimanga cha uyo, zinakumana kuti kuti zigwirizane kumera 38 zonse? Zinachita msonkhano?"

Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Zinaonerana mayeso!"

Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwa anthu ofuna kukumenya.

Chiphaso chilichonse, achimwene, chinalembedwa kuti 38 pa 100, yalephera. Kwathu kuno mbewu ikamera zosakwana 80 siloledwa kugulitsidwa. Masitolo abweza matumba a anthu. Mayi Sikelo, aja a shopu ya mbewu yoyang'anana ndi nyumba yathu, anali atapangana ndi sukulu ina ya ulimi kuti igule mtedza wawo wonse. Sukuluyo itaona 38 yakagula kwina.

Mukudziwa kuti 38 ndi ya ndani? Ndi ya sampulo 63, chimanga cha bambo wina amene nkhokwe yake imadontha, chimene chinabwera chikununkha nkhungu. Chiphaso cholondola chinali chake chokhacho, ndipo ndiye ankakuwa kuposa onse.

Ndinathamangira kukompyuta. Sizinanditengere nthawi. Pa mzere wotenga dzina munaikapo i. Pa mzere wotenga nambala ya njere zomera munasiyapo 63, monga zinalili m'ndime yanga. Dzina linkasintha, nambala osasintha. Mbewu yovunda ya munthu mmodzi munaigawira tauni yonse.

Munati lupu siitopa. Munanena zoona. Inalakwitsa kuyambira poyamba mpaka pamapeto osapumira ngakhale kamodzi. Ine ndi dzanja langa lowawali, ndikalakwitsa ndinkalakwitsa pamodzi, munthu mmodzi n'kubwera kudzadandaula, ine n'kupepesa, zatha.

Ndinapempha a Chidindo kuti ndikonze pompo. Anakana. Anazula nthambo za kompyuta, n'kuitsekera m'kabati, akuti ndi umboni, wina asaikhudze mpaka komiti yochokera ku likulu idzakhale pa 6 Novembala. Amalonda adikire, mitambo nayo yayamba kusonkhana. Anandifunsa amene analemba lupuyo. Ndinati ndine.

Ndiyankheni. Muli ndi mawu ambiri nthawi zonse, ndikufuna ndione amene mupeze lero.

Mlongo wanu


Pa sitima,
4 Okutobala

Kachala,

Moni kachiwiri! Usadabwe kuti ndalembanso msanga. Lero ndikutsuka mano ndakumbukira kanthu kakang'ono m'lupu ndakutumizira dzulo. Pa mzere wa 14 ndaiwala kusintha 63 kukhala i. Ndi kalembo kamodzi kokha, usinthe usanaiyendetse. Ndadziseka kwambiri. Imeneyi ndi mbuna imene aliyense amagwamo akamasandutsa ndime yokopera kukhala lupu: maso amazolowera nambala yakale mpaka kusiya kuiona. Ukanaiona wekha ndithu, poti ndiwe wosamala kuposa ine.

Akuti netiweki ikhoza kusowa masiku angapo chifukwa tikulowera kutali, koma ndikhulupirira kalatayi idutsa chitseko chisanatsekeke. Ukapeza nthawi imene lupu ikupulumutsire, upite nawo amayi kokayenda. Undithokoza pambuyo.

Achimwene ako


Kunyumba,
16 Okutobala

Aphunzitsi,

Kalata yanu ya pa 4 yafika lero m'mawa. Yandipeza ndikusesa pakhonde nthawi ya ntchito, anthu a mumsewu akundiona.

"Kanthu kakang'ono." Ndawerenga mawu amenewa mobwerezabwereza. "Ndadziseka kwambiri." Zikomo kuti mwasangalala. Mano anayera?

Mwati nditenge amayi tikayende. Nthawi ndili nayo yambiri tsopano, lupu yanu yandipulumutsira tsiku lonse, sabata yonse, mwina moyo wonse. Koma tikayenda kuti? Tikangotuluka pageti timakumana ndi maso a Mayi Sikelo.

Munati ndikuthokozani pambuyo. Pambuyo pake ndi pano. Zikomo.

Mlongo wanu


Kunyumba,
19 Okutobala

Mwana wanga,

Ndi mayi ako. Ndikulemba pafoni ya mchemwali wako, magalasi ali pamphuno, ndiye ukapeza zolakwika usandikonze, ine si mwana wako wa sukulu. Uli bwanji pamadzipo? Ukudya? Ine ndili bwino, koma nyumba ino yatentha.

Kodi lupu n'chiyani? Mumsewu muno akuti mwana wanga anathira lupu m'mbewu za anthu kuti zisamere. Dzulo mayi wina wabwera kudzayesa diresi, wandifunsa monong'ona ngati lupuyo imagwiranso nkhuku. Ndamufunsa mchemwali wako, wangoti, "Funsani mwana wanu wophunzira uja." Kenako wandiuza kuti iwe unati ndi patani yanga. Iwe, usamandilowetse m'milandu yako. Patani yanga sinavekepo kalasi yonse malaya a mwana mmodzi.

Mayi Sikelo anabwera Lachisanu kudzatenga nsalu yawo imene ndinali nditaidula kale. Ndinati, "Mayi, khalani pansi tikambirane." Iwo anati, "Ndikhale pansi? Matumba a mtedza ndi amene akhala pansi kwanga, mpaka ndikusowa poponda." Anaikulunga nsaluyo zidutswazidutswa n'kumapita. Munthu amene tinkabwerekana machesi kuyambira iwe ukukwawa.

Mchemwali wako sakudya bwino. Amadzuka, amavala za kuntchito, kenako amakumbukira, n'kukavula. Ntchito imeneyi anaifunafuna zaka ziwiri, iwe ukudziwa. Ndamukalipira nayenso. Ndamuuza kuti ine ngakhale nsalu itadulidwa ndi katswiri wotani, ndimayamba ndayesa pathupi la mwini ndisanasoke. Wangondiyang'ana ndi maso aja a bambo ako.

Koma iwe ndiwe wamkulu. Unayamba kumuphunzitsa asanakupemphe kuyambira ali ndi zaka zinayi, ndipo lero waphunzitsa mpaka wamugwetsera m'dzenje. Iwe uli phee pamadzi, iye akuyenda chozyolika. Chitapo kanthu.

Ndine mayi ako


Pa sitima,
22 Okutobala

Kachala,

Moni. Netiweki yabwera lero, ndipo makalata atatu agwa nthawi imodzi, ako awiri ndi ya amayi. Ndawawerenga nditaimirira. Sindinakhale chete dala, ndinalibe khomo.

Ndiyambe ndi chimene chandipweteka, chifukwa nanenso ndili ndi mtima. Ukulemba ngati ndinakhala pansi n'kukonza zokuwonongera ntchito. Ndinasiya tulo ndi ntchito yanga kuti dzanja lako lipume. Cholakwa ndinachiona ndekha tsiku lotsatira, n'kulemba pompo. Nyanja ndi imene inasunga kalatayo, si ine.

Ndipo ndikufunse, mlongo wanga. Ziphaso 63 zinadutsa m'manja mwako, iwe osawerenga ngakhale ziwiri? Ziwiri zokha! Ukanaona 38 apa, 38 apo, ukanaima. Lamulo loyamba la lupu ndi limeneli: ikatha, tsegula chotuluka choyamba, chapakati ndi chomaliza, uyerekeze ndi manambala oyambirira. Lupu imachulukitsa chilichonse chimene waipatsa, chabwino ndi choipa chomwe. Zoona, sindinalembe zimenezi m'kalata yanga. Ndinaganiza kuti munthu wa mu labotale sauzidwa.

Koma zonsezi n'zapambali. Chimene chandigwetsa misozi ndi mawu ako oti anakufunsa amene analemba, iwe n'kunena kuti ndiwe. Ngakhale uli wokwiya chotero, unanditchinjiriza. Sindingalole kuti usenze katundu wanga. Amayi ati ndichitepo kanthu, ndipo ndachita.

Pamwamba pa fayilo yako panali adiresi ya labotale. Ndalembera abwana ako kalata yaulemu. Ndawauza kuti ndine mchimwene wako, katswiri wa ziwerengero, kuti unanditumizira fayilo yonse pamodzi ndi zotsatira za masampulo kuti ndikuthandize, ndipo kuti amene anasiya 63 pa mzere wa 14 ndine. Ndawafotokozeranso mwachidule ubwino wa lupu, kuti asataye chida chabwino chifukwa cha dzanja langa. Kalatayo yapita limodzi ndi ino.

Tsopano pumula. Komiti ikaona zimenezi idziwa kuti wolakwa ali kutali, pamadzi, kumene sangamuimitse ntchito.

Achimwene ako


Kunyumba,
25 Okutobala

Achimwene,

Moni palibe.

Mwandipha. Poyamba munangondigwetsa, tsopano mwabwera ndi fosholo kudzakwirira.

Mukuganiza kuti ndinati ndinalemba ndine chifukwa chokukondani? Inu mumadziona ngati ndani? Ndinkadzitchinjiriza ndekha! Tsiku limene ndinayamba ntchito ndinasainira kuti zotsatira za mbewu za anthu sizituluka m'nyumba imene ija. Amalondawa ndi opikisana. Wina akadziwa kuti mbewu ya mnzake ndi yofooka, amugwetsa pamsika. Kulakwitsa pakompyuta chilango chake ndi chenjezo. Kutumiza maina ndi zotsatira kwa munthu wakunja chilango chake ndi kuchotsedwa ntchito. Ndinasankha mlandu waung'ono. Inu mwanditengera waukulu, mwaukulunga bwino, mwakapereka nokha m'manja mwa a Chidindo.

Anandiitana dzulo. Ndinawapeza akuwala nkhope ngati munthu wobadwitsa mwana wamwamuna. Masabata onsewa ankasowa tulo chifukwa siginecha ili pa ziphaso 63 zija ndi yawo, ndipo komiti ikanawafunsa kuti ankasaina atatsinzina kodi. Tsopano nkhani yasintha. Anasindikiza kalata yanu, n'kundiwerengera yonse mokweza, liwu ndi liwu, munthu amene sanawerengepo chiphaso chimodzi chibadwire. Atafika pa ndime yanu ya ubwino wa lupu anavula magalasi n'kunena kuti, "Achimwene anuwa ndi mphunzitsi wabwino. Sitimayo ili ndi malo a anthu awiri?"

Mukanandifunsa. Mzere umodzi wokha: kodi ndilembere abwana ako? Koma inu simufunsa. Mumaona munthu akuvutika, mumakonza, mumatumiza, kenako mumadikira kuwomberedwa m'manja. Ndinakuuzani kuti dzanja likundiwawa. Ndinkafuna munene kuti pepa. Munati tumiza fayilo, ine chitsiru n'kutumiza.

Musalemberenso munthu aliyense wa kuntchito kwanga. Musanditumizirenso mzere ngakhale umodzi. Ndipo musanditchulenso Kachala. Mwana uja ankakhala pambali panu kudikira kuti mumuuze batani lodina anakula.

Mlongo wanu, poti zimenezo sindingasinthe


Pa sitima,
28 Okutobala

Mlongo wanga,

Moni, ngakhale sukuufuna. Sindinkadziwa za lamulo limenelo. Ndikanafunsa. Pepa. Ndalemba kalatayi kambirimbiri n'kumafufuta, chifukwa nthawi iliyonse imasanduka phunziro.

Ndiuze chochita ndipo ndichita chomwecho basi. Ngati ukufuna ndilembere komiti kuti fayiloyo sindinaonetse munthu ndipo ndaifufuta, ndilemba. Ngati sukufuna, sindilemba.

Pansipa ndamatapo lupu yokonza bwino, mwina ingakuthandize pa tsikulo. Ndaiyesa katatu. Sukukakamizidwa kuitsegula.

Achimwene ako


Kunyumba,
1 Novembala

Mwana wanga,

Ndi mayi ako. Moni. Ndiwe mwana wabwino koma makutu ako ali ngati a chidole, okongoletsa mutu basi. Mchemwali wako anakuuza kuti usatumize mzere ngakhale umodzi, iwe m'kalata yopepesa yomweyo wamatamo mizere. Anaifufuta osaitsegula. Ndinaona ndi maso anga.

Ndipo ine ndikamati chitapo kanthu, ndinkatanthauza kuti umupepese mlongo wako, umufunse mmene akumvera. Sindinati ukalembere abwana ake. Mukakhala ophunzira kwambiri, mawu a anthu wamba mumawamva mokhota.

Ndikuuze zimene zikuchitika kuno, koma usayankhepo. Wafukula laputopu yake yakale ya kukoleji, ija yosweka pakona. Amakhala nayo m'chipinda changa chosokera kuyambira m'mawa, ine ndikupalasa makina, iye akugogoda. Anakhuthula chitini changa cha mabatani patebulo, n'kuwaika milumilu, akuti uwu ndi mtedza wa uje, uwu ndi nyemba za uje. Amawerenga mulu uliwonse ndi dzanja, kenako amaona ngati kompyuta yanena zofanana. Nthawi zina amaitukwana. Dzulo anakuwa kuti, "Yaima! Amayi, yaima!" Ndinati pepa mwanangu. Iye anati ayi, ndimafuna iime. Zanu sindizimvetsa, koma anadya mbale yonse.

Unafunsa kuti uchite chiyani, ngakhale unafunsa iye. Ndikuyankha ine. Khala chete. Uyese, mwina uzikonda, sunayambe walawapo.

Komiti ndi Lachisanu likudzali. Mabatani anga ndikuwafuna, ndili ndi malaya anayi opanda potsekera.

Ndine mayi ako


Kunyumba,
9 Novembala

Achimwene,

Moni. Amayi ali bwino. Mvula yoyamba inagwa Lachinayi, ndipo denga likudontha pamalo pomwe paja, pamwamba pa makina osokera. Akuti mwakhala chete sabata yathunthu. Sindinkadziwa kuti mumatha.

Komiti inakhala. Anali anthu atatu, wapampando wake mayi wina wa imvi wochokera ku likulu, wosaseka. Panja amalonda anali ataima m'matope, chifukwa mvula ikagwa alimi sadikira chiphaso cha munthu. A Chidindo analankhula nthawi yaitali. Anati labotale inkayenda bwino ndi njira yakale mpaka pamene zinthu zachilendo zinalowa kudzera pasitima. Anapempha kuti ndichotsedwe, ndipo lupu iletsedwe.

Mayi aja anandifunsa ngati ndinatumiza fayilo kunja. Ndinati inde. Anandifunsa ngati ndinawerenga ziphaso ndisanazipereke. Ndinati ndinawerenga maina okha. Analemba. Kenako analoza pawindo n'kufunsa kuti, "Anthu awa alandira liti ziphaso zoona?"

A Chidindo anati mwa njira yakale ndi masiku anayi. Mayi aja anati, "Alembe ndani?" Onse anacheukira ine, chifukwa fayilo yakale ndinaifufuta, ndipo amene amadziwa R pamalo paja ndi amene ankafuna kumuchotsayo.

Ndinati, "Tsegulani kabati, ndilemba lupu pompano, inu mukuona."

A Chidindo anadumpha. "Inanso? Mayi, njoka yatiluma kale, mukufuna tiibweze m'nyumba?"

Mayi aja anati, "Tsegulani kabati."

Sindinakonze yanu. Ndinaifufuta, n'kuyamba yanga pa tsamba loyera, ndikunena mokweza ntchito ya mzere uliwonse. Mutu unali phee, chifukwa ndinali nditailemba kambirimbiri pa mabatani a amayi. Ndinadina. Inayenda, inayenda, itafika pa sampulo 22 inaima, n'kutulutsa mawu ofiira.

A Chidindo anawomba m'manja. "Mwaona? Yafa yokha!"

Ndinati, "Tawerengani zimene yalemba, bwana." Sanafune, ndiye anawerenga mayi aja: Ima. Sampulo 21 ndi 22 zili ndi nambala yofanana. Kaone ndi maso. Ndinawauza kuti mzere umenewo ndinauika dala. Lupu yanga ikaona ziphaso ziwiri zotsatizana zili ndi nambala imodzi, siipitirira mpaka munthu atadzuka pampando. Tinadzuka tonse, mpaka kuchipinda chomeretsera mbewu, kukaona makhadi a amene anawerenga mbande. Onse awiri anali 91, mwangozi chabe. Tinabwerera, ndinaiuza ipitirire, inamaliza.

Chigamulo ndi ichi. Sanandichotse. Andipatsa chenjezo lomaliza chifukwa cha fayilo, ndipo kwa miyezi isanu ndi umodzi sindikhudza kompyuta, kupatula kudina batani la lupu yanga wina akundiyang'anira. Andibweza kuchipinda chomeretsera kumene ndinayambira. A Chidindo anauzidwa kuti awerenge chiphaso chilichonse asanasaine, mayi aja atakhala pambali pawo. Zinawatengera masana onse, milomo ikugwedera. Anafunsa ngati palibe lupu yowerengera.

Chiphaso cha Mayi Sikelo ndinakapereka ndekha kushopu. Mtedza wawo unamera 94. Anachiyang'ana nthawi yaitali, atatsamira matumba aja, n'kunena kuti, "94. Ndiye ndikawauze a sukulu aja kuti abweze mtedza anagula kwinawo?" Sanandipatse mpando. Chimenechi palibe mzere umene ungachikonze, wanu kapena wanga, ndipo ndizichiona tsiku lililonse ndikamatuluka pageti.

Tsopano m'mawa uliwonse ndimavala epuloni, ndimatsegula pepala lonyowa, ndimawerenga mbande ndi kachitsulo, kuyambira 1 mpaka 100. Ndikamaliza ndimatenga thireyi ina n'kuyambanso. Kathumba kanu ka i kaja ndine. Dzanja lasiya kuwawa, wayamba ndi msana.

Mawu anu aja, oti ndikanawerenga ziphaso ziwiri zokha, anali oona. N'chifukwa chake sindinakukhululukireni. Mukanalakwa pa zonse zikanandiphwekera.

Pansipa ndamatapo lupu yanga. Mulibe dzina la munthu ngakhale mmodzi, muli mabatani okhaokha. Ili ndi mizere 41, ndipo ndikudziwa kuti inu mukhoza kuifupikitsa. Muiwerenge. Musaikonze. Ngati zala zikuyabwa, zikhalireni.

Sitima ikafika padoko mubwere kunyumba, osati kumangoimba foni. Mkwiyo wotsalawu sukukwana m'kalata, ndikufuna ndiupereke pamaso. Mubwere ndi nsapato zokwerera padenga.

Kachala